Ndikusala

Sukulu ndinasiya ndekha. Sanandichotse, sindinalephere mayeso, sindinapereke mimba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamva kuti ndinaphunzirako zaka ziwiri za udokotala wa matenda a maganizo, kenako n'kudzapezeka ndikutsuka mbale m'lesitilanti ku Hout Bay, amayamba kundifunira chifukwa chomvetsa chisoni. Asavutike. Mabuku ndinkawakonda. Amene ankanditopetsa ndi odwala.

M'kalasi ndinali patsogolo. Ubongo ndinkaujambula pa bolodi osasuzumira m'buku. Ndinkadziwa kuti timaselo ta muubongo sitigundana, pakati pa kena ndi kanzake pamakhala kampata, ndipo uthenga umawoloka kampatako utanyamulidwa ndi timadzi tapadera. Ndinkadziwa kuti mankhwala ambiri amene tinkaphunzira amakagwira ntchito pa kampata pomwepo, ena kuchepetsa uthenga, ena kuuwonjezera. Ndinkadziwa mankhwala amene thupi limawataya kudzera m'chiwindi ndi amene limawataya kudzera mu impso. Mayeso akayandikira anzanga ankadzaza chipinda changa, ine n'kumawafotokozera mokalipa, iwo n'kumapirira chifukwa ankakhoza.

Kenako anatitumiza kuwodi. Kunali bambo wina wa imvi amene m'mawa uliwonse ankandigwira malaya n'kundifunsa ngati basi ya ku Mchinji yanyamuka kale. Tsiku loyamba ndinawayankha bwino. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinawakalipira wodi yonse ikumva, kuti kulibe basi, kuno n'kuchipatala, ndipo andisiye malaya. Bambowo anakhala pansi n'kuyamba kulira. Mphunzitsi wathu, mayi wosadziwa kukweza mawu, anandikokera pakhonde.

"Mutu uli nawo, mwana wanga," anatero. "Makutu ndiye ulibe."

Sanandipatse chilango. Akanandipatsa bwenzi zili bwino. Sabata yotsatira ndinalongedza katundu wanga osatsanzika munthu.

Kwathu ku Kasungu nkhaniyo anailandira ngati maliro opanda mtembo. Amalume anasiya kuyankha moni wanga. Ndikalemba pa gulu la banja la pa watsapu pankangoti zii, kenako wina n'kutumiza vesi. Amene sananditaye ndi achemwali anga, amene anandilera mayi atamwalira. Panthawiyo anali atakhala ku Cape Town zaka zingapo.

"Bwera kuno udzatsuke mbale," anatero pa foni. "Mwina sopo akutsukanso m'mutumo, adokotala."

Akafuna kundiseka ndinali adokotala. Akakwiya ndinali iwe.

Achemwali ankakhala ku Kraaifontein, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, kamene kuno timati hoki. Tebulo lawo linali ndi mwendo umodzi waufupi, ndipo tsiku limene ndinafika ndinatenga kope langa la phunziro la mankhwala, chinthu chokhacho cha kusukulu chimene ndinabwera nacho, n'kulipinda n'kuliika pansi pa mwendowo. Iwo anandiyang'ana.

Ntchito yawo inali kusita, pamalo ena ochapira zovala za m'mahotela. Ndinakawaonako kamodzi. M'chipindamo munali nthunzi ngati m'bafa, iwo ali chiimire kuyambira m'mawa, thukuta likuyenderera m'khosi. Koma manja awo! Shati ankaitembenuza katatu basi, kolala, mikono, msana, n'kuikoleka ili ngati sinavalidwepo. Ankasita akuimba alto, osayang'ana n'komwe kumene simbi ikupita.

Matenda awo ndi omwe anali ndi mayi athu. Kumudzi ankangoti mayi ali ndi nyengo zawo. M'mabuku ndinawapeza ali ndi dzina, baipola: munthu amakwera mpaka kudenga, kenako n'kugwa mpaka pansi pa nthaka. Kunena zoona n'chifukwa chake ndinasankha maphunziro aja, ngakhale sindinauzepo munthu. Chaka changa choyamba kuno, achemwali anakwera. Sabata yathunthu osagona, kuimba, kugawa mapoto awo kwa anthu odutsa, kuanula zovala za anzawo pa chingwe n'kuzisita osapemphedwa. Anawagoneka m'chipatala milungu itatu. Potuluka anawapatsa lithiyamu.

Chizungu cha achemwali n'cha kuntchito, chokwanira kunena kuti ndamaliza ndi kuti mawa ndibwera. Choncho tsiku lowafotokozera za mankhwalawo womasulira ndinali ine. Dokotala anali mtsikana wa magalasi, wosathamanga polankhula. Ankawerenga pa zala. Azibwera kudzayezetsa magazi. Azimwa madzi okwanira, makamaka kukatentha. Asasinthe kadyedwe ka mchere, asausiye. Asamwe mapiritsi a ululu ogula m'sitolo asanafunse. Akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, kapena manja akamanjenjemera kwambiri, asiye kumwa n'kubwera tsiku lomwelo. Ndipo ngati kutchalitchi kwawo amasala kudya, asayambe asanabwere kudzakambirana.

Zonsezo ndinkazidziwa iye asanatsegule pakamwa. Lithiyamu ndi mchere, m'bale wake wa mchere wa m'ndiwo, ndipo impso sizitha kuwasiyanitsa bwino awiriwa. Thupi likasowa madzi ndi mchere, impso zimachita umbombo, zimabweza mchere uliwonse m'magazi kuti usatayike ndi mkodzo, ndipo lithiyamu amabwerera nawo limodzi. Amachuluka pang'onopang'ono. Mlingo wochiritsa ndi mlingo wowononga ndi oyandikana nyumba, mpanda wake ndi wa udzu. Ine maso anali pa wotchi. Shifiti yanga inkayamba masana, ndipo kuchoka kumeneko kukafika ku Hout Bay ndi matekisi awiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa achemwali.

"Akuti muzimwa madzi ambiri, ndipo muzibwera kudzayezetsa magazi."

"Basi? Kulankhula konse kuja?"

"Basi. Zinazo ndikudziwa ine."

"Iii, Chizungu n'chowononga malovu," anatero, uku akumwetulira dokotala uja.

Dokotala anandifunsa ngati ndawauza zonse. Ndinati eya, n'kuwonjezera kuti zimenezi ndinaphunzirako. Analemba kenakake m'fayilo. Mumtima ndinkati zimene zili m'mutu mwanga zili ngati zili m'mutu mwawo, nanga si ndili pompano? Sindinaname kuti ndiwapweteke. Ndinangoona kuti kubwereza zinthu zisanu ndi chimodzi m'Chichewa n'kuchedwa.

Mankhwalawo anagwira. Zaka ziwiri achemwali anali achemwali. Ludzu lokha ndi limene ankadandaula nalo, moti kulikonse ankayenda ndi botolo lalikulu la madzi. Lamulungu lililonse ndinkachoka ku Hout Bay, kumene ndinkakhala, kupita kukadya kwawo, ndipo pochoka ndinkanena chinthu chimodzi: mapiritsi musadumphitse. Analowa kwaya pa mpingo wina wa Amalawi umene umapemphera m'kalasi ya sukulu, koma kumeneko sanauze munthu za matenda awo. Mapiritsi ankawabisa m'chitini cha masamba a tiyi.

"Akadziwa andisala," ankatero. "Wamisala sapatsidwa ngakhale mwana woti anyamule. Waiwala za mayi?"

Sindinaiwale. Pa maliro a m'mudzi anthu sankawalola mayi kuyandikira kophikira.

Tinayambana pa Khirisimasi. Anaphika mpunga ndi nkhuku, anandiikira ntchafu zonse ziwiri, ndipo ndisanameze kachiwiri anayamba.

"Chaka chikubwerachi ubwerere kusukulu."

"Tadyani, achemwali."

"Ndikunena zoona. Ukalamba ndi siponji m'manja? Ndakhala ndikukupempherera."

"Musatope nazo. Chimene chinakuchiritsani inu si pemphero, ndi kamchere kali m'chitini umo."

"Iwe."

"Nanga ndikunama? Ngati anzanu a kwayawo amakukondani, mumawabisiranji? Mumaimba nawo, mumalira nawo, koma chitini chokha ayi."

Anaika supuni pansi. Ndikanalekera pomwepo, koma ine pakamwa pakatseguka sipamva mabuleki.

"Za sukulu zindichoke. Amalume anandisala, abale onse anandisala. Inunso ndisaleni, mwina ndingapume."

"Ukapitiriza mwano umenewu ndikusaladi," anatero. "Uona ngati ndikuseka."

Ndinanyamuka, ntchafu imodzi ikadali pambale.

Milungu iwiri inatha osalankhulana. Januwale anafika ndi dzuwa lake lija la kuno, lowotcha ngakhale mphepo ikuwomba mpaka kuzula malata. Tsiku lina asodzi a kudoko anandipatsa sinuku wamkulu, nsomba yaitali ija imene achemwali ankaikonda yootcha. Kupepesa sindimatha, ndiye ndinati nsombayo ikapepese m'malo mwanga. Ndinalemba pa foni kuti, "Ndibwere Lamulungu? Ndapeza nsomba."

Yankho silinachedwe. "Usabwere. Ndikusala."

Akananena ndi pakamwa sindikanasokoneza. Mawu amenewa akamatuluka pakamwa amakwera ndi kutsika mosiyana, ndipo khutu limamva lokha ngati munthu akunena za kusadya kapena za kukutaya. Zilembo za pa foni zilibe liwu. Koma ndisanamizire foni. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti Januwale mipingo yambiri imasala kudya, ndipo ine ndinali nditangotchula nsomba. Tanthauzo linali poyera ngati mbuzi pamsewu.

Kusukulu anationetsapo chithunzi chimodzi chimene ena ankaonamo nkhalamba, ena mtsikana. Phunziro lake linali loti diso siliona lokha, limaona zimene mtima watumiza kuti likafune, ndipo munthu amene akuyembekezera kukanidwa amapeza kukanidwa ngakhale m'moni. Funso limeneli linabwera pa mayeso ndipo ndinalikhoza. Tsiku limenelo ndinawerenga uthenga wa achemwali ndi bala la pa Khirisimasi, n'kuona kuti womaliza uja nayenso wanditaya.

Ndinayankha kuti, "Chabwino. Pitirizani."

Nsomba ndinapatsa mnzanga wa kukhitchini. Masiku otsatira kunabwera mauthenga atatu a mawu kuchokera kwa achemwali. Ndinawaona, sindinawatsegule. Ndinkati andinyengerere kaye mokwanira.

Linali Lachinayi masana, ndili pa sinki, pamene foni inalira ndi nambala yachilendo. Anali mayi woyandikana nyumba ndi achemwali, wobadwira ku Harare koma agogo ake anachokera ku Dedza, amene Chichewa chake chimatuluka chitagwirana manja ndi Chishona.

"Mwanangu, mhanya, thamanga. Sisi wako sali bwino. Kubasa, kuntchito kuja, amubweza, akuti waledzera."

"Achemwali samwa mowa."

"Ndiye ndikudabwa ini. Akuyenda ngati chidakwa, akugunda zitseko, lilime lalemera. Kusanza kuyambira Mande."

"Adya chiyani?"

"Adye chiyani munthu ali pa kusala? Kutchalitchi kwawo anayamba za masiku twente wani, lero la thwelofu. Masana ngakhale madzi samwa. Madzulo timasamba towiritsa, popanda mchere, popanda mafuta. Ndinamuuza ini kuti sisi, ntchito yako ndi ya moto iyi. Iye akuti usade nkhawa, mchimwene wanga anaphunzira za mankhwala, ndinamuuza ndipo anati pitirizani."

Mbale imene inali m'manja mwanga sindikumbuka kuti ndinaiika pati. Ndinawauza mayiwo kuti aitane ambulansi, atenge chitini cha tiyi chili pa shelefu apite nacho, ndipo asawalole kumwanso piritsi lina lililonse.

"Chitini cha tiyi? Mwanangu, nawenso wadwala?"

"Mutsegule, muona."

Chinsinsi chimene achemwali anachisunga zaka ziwiri chinathera pamenepo.

Mauthenga aja ndinawatsegula mu tekisi yopita kutawuni. Woyamba unali wa mawu awo enieni, oseka. "Adokotala, wakwiyabe? Nsomba ija uisunge mu firiji, tidzadya ndikamasula. Mutu wokha ndiye ukundivuta, koma ndagula timapiritsi tapinki ta ululu pa kagolosale ka spaza." Wachiwiri unali wotopa. "Iwe, manja akunjenjemera, simbi yandigwa kawiri lero. Ndi njala chabe eti? Mapiritsi ako aja sindikudumphitsa, usaope." Wachitatu ndinaubwereza kanayi. Lilime linali litalemera kale. Ndinangomvamo dzina langa la kunyumba, ndi mawu akuti undiimbire.

Tsamba lonse la m'kope lija linali mmenemo, mwa ndondomeko yake, ngati achemwali akundiwerengera mayeso. Madzi ochepa, mchere palibe, thukuta la kuntchito, timapiritsi tapinki timene timachititsa impso kugwira lithiyamu kwambiri, ndipo iwo osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chimenecho chokha ndi chimene ndinkawakumbutsa. Mayi wina wa Chixhosa amene ndinakhala naye pampando anandipatsa tishu n'kundipepesa m'chinenero chawo kuti, "Uxolo, bhuti." Ndinailandira osathokoza.

Anapita nawo kuchipatala chomwe chija. Ndinawapeza ali pa bedi, maso akuvina okha uku ndi uku, mikono ikudumpha. Sanandizindikire. Anawalumikiza ku makina otsuka magazi, kawiri. Dokotala wa tsiku limenelo, bambo wooneka wotopa, anandiitana n'kufunsa ngati panalibe amene anawachenjeza za kusala. Ndisanayankhe anatembenuza mapepala n'kuwerenga mokweza zimene mtsikana wa magalasi uja analemba: malangizo onse aperekedwa kudzera mwa mchimwene wake, amene anaphunzirako zachipatala. Anandiyang'ana pamwamba pa fayilo.

"Dokotala ananena," ndinatero. "Ine sindinamasulire."

Sanandikalipire. Anthu amenewa sakalipa, ndiye vuto lawo.

Ndinkafuna wina woti ndimuimbe mlandu, choncho abusa atabwera kudzazonda ndinawalandira ndi mano. Anandimvetsera mpaka mawu anandithera. Kenako anati tsiku loyamba la kusala analengeza kuti odwala, oyembekezera ndi onse amene ali pa mankhwala asasale, ndipo anapempha kuti otere aimike manja awapempherere padera. Anaimika a shuga, anaimika a bipi. Achemwali anali pa benchi ya kwaya, manja ali pamiyendo.

Ndipo kusalidwa kumene ankakuopa kuja sikunabwere monga ankaganizira. Amayi awiri anasiya kuwapatsa moni, n'zoona. Koma ena onse ankabwera mosinthana ndi mabeseni, kudzawasambitsa, kudzachapa, kudzawaimbira. Mmodzi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwamuna wake nayenso amamwa za mutu, chaka chachisanu tsopano. Zimenezi zinandipweteka kuposa akanawathawa.

Sanamwalire. Nambala ya m'magazi inatsika, impso zinadzuka, nzeru zinabwerera, anandizindikira n'kundifunsa ngati ndadya. Koma kunkhongo kuli kaubongo kakang'ono kamene ntchito yake ndi kuyeza: dzanja lipite mpaka pati, liime pati, phazi liponde motani, lilime ligunde liti. Timaselo take sitichedwa kupsa, ndipo tikafa sitiphukanso. Ndinakajambulapo pa bolodi, kokongola ngati kolifulawa. Madokotala anati tidikire miyezi ingapo, mwina zisintha. Miyeziyo inakwana, inapitirira. Tanthauzo lake ndikulidziwa, sipafunika wondimasulira.

Lero achemwali akafuna kugwira kapu, dzanja limapitirira, n'kubwerera, n'kupitiriranso. Amayenda atatangadza miyendo, akugwira khoma. Mawu amatuluka limodzilimodzi ngati akuwatunga m'chitsime chakuya. Simbi sadzaigwiranso. Alto ija inapita, pa kwaya amangokhala kutsogolo n'kumagwedeza mutu. Lithiyamu anawasiyitsa. Ali pa mankhwala ena amene amawanenepetsa ndi kuwagonetsa, ndipo sagwira bwino ngati oyamba aja.

Ndinasamukira ku Kraaifontein. Ntchito ya ku Hout Bay ndinaisiya, tsopano ndimapakira mabokosi pa fakitale ina yapafupi kuti nthawi ya nkhomaliro ndizithamangira kunyumba. Tsiku losamuka ndinasolola kope lija pansi pa tebulo. Linali litamwa madzi okolopera zaka zitatu, koma tsamba la lithiyamu linkawerengeka bwinobwino, zinthu zonse zisanu ndi chimodzi, m'zilembo zanga, zina nditazilemba mzere wofiira kunsi. Nthawi yonse ija linali pansi pa mbale zawo. Ndinalibwezera pomwepo, chifukwa tebulo limagwedera.

Achemwali ndinawauza zoona patapita miyezi inayi. Linali Loweruka m'mawa, tili panja, ndikuwawenga zikhadabo. Ndinanena zonse, za zinthu zisanu ndi chimodzi zimene ndinazisandutsa ziwiri, za uthenga umene ndinauwerenga mokhota, za pitirizani, za mauthenga atatu amene ndinawasiya osatsegula. Ndinkafuna andimenye, ngakhale dzanjalo likanaphonya.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinayesa ndi matenda. Ankaseka.

"Zaka... ziwiri... za koleji," anatero, liwu lililonse palokha. "Chichewa... n'kukukanika."

"Achemwali, si zoseka izi."

"Ine... kukusala iwe? Ndinakusintha... matewera."

Kuseka kunatha kokha. Anayang'ana manja awo ali m'manja mwanga.

"Anatsala... naini."

"Chiyani?"

"Masiku. Sindinamalize. N'chifukwa chake... sunabwerere... kusukulu."

Chimene ankasalira, kuti ine ndibwerere kusukulu, ndinali nditachimva kale kwa mayi wa ku Harare uja, pakhonde la chipatala, ndipo ndinawapempha kuti asadzabwerezenso. Koma kuchimva kuchokera m'kamwa mwa eni ake, liwu limodzilimodzi chonchija, kunali kwina. Ndinawauza kuti Mulungu sawerenga masiku ngati foromani, ine amene sindipemphera. Sanakhutire. Mpaka lero Januwale akayandikira ndimawerenga makapu a madzi amene amwa, ndipo amandikalipira kuti si nkhuku iwo.

Kusukulu sindinabwerere. Sindikudziwa ngati angandilandire, komanso achemwali sindingawasiye okha. Koma m'mawa uliwonse ndikamamanga nsapato amandifunsa funso lomwelo.

"Wafunsa... za sukulu?"

Limatenga nthawi kuti lithe, ndipo ndimalidziwa kuyambira pa liwu loyamba. Ndimadikira mpaka alimalize. Masiku ena ndimayankha bwino. Masiku ena ndimatuluka, n'kukamenya theche bini ya eni nyumba, n'kubwerera kudzayankha. Bambo wa basi ya ku Mchinji uja sindikudziwa ngati ali moyo.

Kuchipatala tsopano ndimamasulira chilichonse, ngakhale dokotala akangonena kuti kunja kwatentha. Achemwali amatopa nazo.

"Dulani... mawu, adokotala. Tichedwa."

Sindidula.

Dzulo ndinaphika nyemba n'kuiwala mchere. Nditatambasula dzanja kuti ndiwathirire, anakokera kabotolo kwa iwo.

"Ndekha."

Dzanja linapitirira mbale, linabwerera, linagunda m'mphepete. Mchere unamwazika patebulo, pa chitenje, pansi, ndipo wochepa chabe ndi umene unagwera m'nyemba. Ine ndinakhalira manja anga kuti asawalande kabotoloko. Anavundula, analawa.

"Wakwana," anatero.

Sunakwane. Tinadya.